Kodi printa imamva bwanji kompyuta?

Ophunzira anga kuno ku Ntcheu amakonda kundifunsa: bwanji kompyuta yatsopano ukailumikiza ku printa, pepala silituluka? Nkhani yake ndi driver. Ndi kapulogalamu komasulira zimene mwalemba kuti printa imve: inki igwe pati, pepala liyende bwanji.

Mu ofesi ya makompyuta ambiri sayika driver pa iliyonse pamanja ayi. Kompyuta imodzi, seva, imasunga driver n'kumagawira zinzake pa netiweki. Pa Windows njirayi imatchedwa Point and Print.

Koma driver imalowa mkatikati mwa kompyuta. Mu 2021 kunapezeka mpata wotchedwa PrintNightmare umene akuba a pa intaneti ankatha kulowera. Kuyambira Ogasiti chaka chomwecho, Microsoft inakonza zoti woika driver azikhala administrator basi. Ndiye kompyuta ikakufunsani pasiwedi, musakwiye, ikuteteza mafayilo anu.