Nyumba Zoyenda pa Mseu Zimene Zimafika ku Mfuwe

Cilimwe cikafika, anthu okhala m'mbali mwa mseu wa Great East Road amaona magalimoto okhala ndi mazenera a makatani ngati nyumba. Eni ake, ambiri a iwo ocokera ku South Africa ndi ku Ulaya, amaphika ndi kugona momwemo kwa miyezi ingapo. Mkati muli bedi, citofu ca gasi, kafiriji ndi thanki ya madzi, ndipo magetsi amacokera ku sola ya padenga.

Ena amalowera pa ulalo wa Kazungula, wa mamita 923, umene unatsegulidwa mu 2021 pamalo pamene kale anali kuyembekezera pantuni. Akaona mathithi a Mosi-oa-Tunya amadzera ku Lusaka, nayenda makilomita pafupifupi 570 kufika ku Chipata, kenaka natsikira ku Mfuwe, polowera m'nkhalango ya nyama ya South Luangwa.

Kumeneko vuto lalikulu ndi kafiriji kaja. Misasa yambiri ya m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa ilibe mipanda, ndipo njovu zimadutsa pakati pa magalimoto usana ndi usiku. Njovu imamva fungo la zipatso ili patali, ndipo ingaswe zenera kuti ilowetse citamba. Ndico cifukwa cake oyang'anira misasa amapempha alendo kupereka zipatso zao kuti zikatsekeredwe kwina. Mlendo amadabwa nazo, koma alimi a m'boma la Mambwe, amene njovu zimawapasulira nkhokwe, sangadabwe.

Mvula ikalimba mu Disembala, dothi lakuda la m'cigwa limasanduka thope lomata, ndipo galimoto yolemera cotero imatitimira msanga.