Akakuuzani kuti mukununkha mowa pa rodibuloko

Madalaivala ambiri a pamsewu wa M1, pakati pa Chimbiya ndi Bembeke, amasiya ndalama m'manja mwa munthu chifukwa cha mawu awiri okha: "Mukununkha mowa." Zoti kuyendetsa galimoto utaledzera ndi mlandu palibe angatsutse, ndipo amene anatsikako msewu wokhotakhota wa ku Golomoti m'nkhungu ya mu Juni sangafunse chifukwa chake. Lamulo la pamsewu la 1997 linaika malire: magalamu 0.08 a mowa m'mamililita 100 a magazi.

Pamene pamavuta ndi poyeza. Malirewo ndi nambala, koma mphuno ya wapolisi situlutsa nambala. Pamafunika kachipangizo kouziramo mpweya, apo ayi kukayezetsa magazi kuchipatala, ndipo kachipangizoko sikapezeka pa rodibuloko iliyonse. Ndiye laisensi ija imalowa m'thumba la yunifolomu, inu n'kuuzidwa kuti muimike pambali. Matumba a kachewere akupsa ndi dzuwa kumbuyo, amene mwawanyamula ayamba kung'ung'udza, abwanawo abwerera pamsewu ngati akuiwalani. Sanakuiwaleni. Akudikira kuti nkhani ya "ya Fanta" muiyambe nokha.

Musaiyambe, poti wopereka chiphuphu nayenso ndi wolakwa. Pemphani mwaulemu kuti akuyezeni, ndipo nambalayo muione ndi maso anu. Kukana kuyezedwa kumangoipitsa nkhani yanu, komanso wooneka kuti akudzandira angathe kumangidwa ngakhale kachipangizo palibe. A matsire musadzinamize: kachasu wa usiku amapezekabe m'magazi m'mawa. Ndalama iliyonse imene mwalipira ikhale ndi lisiti la boma, la GR lija. Mukatsekeredwa, gawo 42 la Malamulo a dziko lino limati mukaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere, ngakhale achibale ambiri amatulukako m'thumba mwapepuka.

Ku Canada mu 2016 aphungu anakambirana zolola apolisi kugwiritsa ntchito kachipangizo kamene kamamva mowa mu mpweya wa pafupi ndi dalaivala, iye osauziramo n'komwe. Mu 2018 anasankha njira ina: wapolisi amene ali ndi chida choyezera angauze dalaivala aliyense amene wamuimitsa kuti auziremo, fungo lilipo kaya palibe. Kwathu kuno lamulo lotere lingathandize pokhapokha zidazo zitagulidwa, zitamakonzedwa zikafa, n'kufika ku Linthipe ndi ku Lobi komwe.