AMAI AWIRI AMENE ANADUTSA AFRICA PA NJINGA YAMOTO

Munthu woyenda m'misewu ya ku Kanyama, Chawama kapena Matero mu Lusaka sangalephere kuona anyamata atakhala patsinde pa mtengo, manja ali bii ndi oilo, alikumasula injini ya njinga yamoto. Amai sapezeka kawirikawiri pa nchito imeneyi, pakuti ambiri amati citsulo ndi ca amuna. Komatu m'caka ca 1935, dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia, munadutsa amai awiri a ku Mangalande amene anali atacokera ku London pa njinga yamoto, ndipo injini imene inali kuwanyamula anali ataikonza okha pakati pa cipululu.

Maina ao ndi Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron. Mai Wallach anabadwa m'caka ca 1909 ndipo anaphunzira kuyendetsa njinga yamoto makolo ao asakufuna. Pambuyo pake anaphunziranso za makina ku koleji ya mu London. Mai Blenkiron anali katswiri wa mpikisano. M'caka ca 1934 anakhala mkazi woyamba kulandira mendulo yochedwa Gold Star pa bwalo la Brooklands, kaamba kothamanga liwiro loposa mamailosi 100 pa ola limodzi.

Ananyamuka pa 11 Disembala, 1934. Njinga yao inali Panther ya 600cc, yopangidwa ndi kampani ya Phelon & Moore, ndipo injini yake inali ya silinda imodzi cabe. M'mbali mwake anamangiramo cibokosi cokhala ndi gudumu lakelake, ndipo kumbuyo inali kukoka kangolo kodzala ndi katundu. Anaipatsa dzina lakuti The Venture.

Ataoloka nyanja ndi kufika ku Algiers, anayang'ana kumwera, ku cipululu ca Sahara. Dera limenelo linali m'manja mwa Afalansa, ndipo akuluakulu a asilikari sanafune kulola akazi awiri kuti alowe m'cipululu okha. Amaiwo anakangana nao malo ndi malo kufikira atawalola. M'cipululumo mulibe msewu, ndipo zitsime zili kutali ndi kutali. Madzi akumwa ndi petulo anali kunyamula okha, motero njinga inalemedwa ndipo inali kutitimira mu mcenga kawirikawiri. Citsulo columikiza kangolo ku njinga citathyoka, anapanga cina ndi zimene anali nazo, napitiriza ulendo.

Tsoka lalikulu linawagwera asanafike pa mudzi wa Agadez, m'dziko limene lero likuchedwa Niger. Injini inafa. Sikunali kutha kwa petulo kapena kuda kwa pulagi ai, zimene munthu amakonza m'mbali mwa msewu. Zitsulo za m'kati ndizo zinaonongeka.

Alimi amene ali ndi cigayo kapena thalakitala adziwa m'mene fumbi limadyera injini. Injini imapuma mpweya monga munthu. Mcenga ukalowa pamodzi ndi mpweyawo umasakanizika ndi oilo, ndipo oiloyo m'malo mofewetsa zitsulo amayamba kuzinola ngati mwala wonolera nkhwangwa. Kukatentha kwambiri oilo amasungunuka ngati madzi, ndipo njinga yokoka katundu wolemera pa giya yoyamba tsiku lonse imatentha koposa. Mu Sahara zonsezi zinakumana pamodzi.

Amaiwo sanaisiye njingayo. Anaikankha mtunda wa mamailosi 25, ndiwo makilomita 40, cibokosi ndi katundu zili pomwepo. Pa Agadez panalibe galaji kapena sitolo ya zitsulo za njinga. Anatumiza mau ku Mangalande kuti awatumizire zitsulo zatsopano, nakhala masabata angapo akudikira. Zitafika anamasula injini yonse, cidutswa ndi cidutswa, naimanganso. Apa ndipo panaonekera phindu la maphunziro a Mai Wallach ndi la injini ya silinda imodzi, pakuti zitsulo zake ndi zowerengeka ndipo munthu wozidziwa angathe kuziyala pa nsalu ndi kuzibwezera m'malo mwake ndi masipanala wamba. Kulimba mtima anali nako, koma pa Agadez cimene cinawaombola ndi kudziwa kumene citsulo ciliconse cimakhala.

Injini italiranso anapita ku Kano, m'dziko la Nigeria, nakhotera kum'mawa kudzera m'nkhalango za Congo kufikira ku Uganda ndi Kenya. Anali kugona m'midzi, ndipo anthu a m'midzimo anawalandira ndi kuwathandiza. Ku Tanganyika kunacitika codabwitsa: atayenda masiku angapo osaona galimoto ndi imodzi yomwe, yoyamba imene anakumana nayo ndiyo inagundana nao. Anapulumuka, nakonzanso njinga yao.

Msewu wocokera ku Tanganyika kupita ku Victoria Falls masiku amenewo unali wafumbi, wodzera ku Mpika, Broken Hill (imene lero ndi Kabwe) ndi Lusaka. Caka comweco ca 1935 ndi cimene boma la atsamunda linasamutsa likulu la dziko kucoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka. Mzindawu unali waung'ono, ndipo makomboni odziwika lero ambiri kunalibe. Matero anamangidwa m'zaka za m'ma 1950, Mtendere m'zaka za m'ma 1960.

Anafika ku Cape Town pa 29 Julaye, 1935, atayenda mamailosi 13,500 m'miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Mai Blenkiron anabwerera kumpoto pa njinga ina, nafika ku London m'caka ca 1936. Mai Wallach anabwerera pa sitima ya pamadzi. M'caka ca 1939 iwonso analandira Gold Star, ndipo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anagwira nchito ya usilikari, kunyamula makalata pa njinga ndi kukonza magalimoto. Nkhondo itatha anapita ku America, kumene anatsegula sitolo yogulitsa ndi kukonza njinga zamoto ku Chicago, ndipo pambuyo pake sukulu yophunzitsa kuyendetsa ku Phoenix. Anamwalira m'caka ca 1999 ali ndi zaka 90. Buku lao lofotokoza ulendowu, The Rugged Road, linatuluka m'caka ca 2001 iwo atapita kale.

Kuno kwathu kulibe Sahara, koma mai wocokera ku Mtendere kupita kwao ku Chipata pa njinga yamoto ali ndi makilomita oposa 550 patsogolo pake. Pakati pa Rufunsa, mlatho wa Luangwa ndi Kacholola pali mapiri ndi mitunda yaitali yopanda makanika. Kumidzi ya ku Chadiza, Lundazi ndi Petauke nako, anamwino ndi alangizi a zaulimi amayenda pa njinga m'misewu yafumbi, ndipo njinga ikafa katemera wa ana safika.

Bungwe la Riders for Health, limene anayambitsa Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mpikisano Randy Mamola, linaona kuti njinga zambiri za zipatala mu Africa zinali kufa zikali zatsopano kaamba kosowa cisamaliro. Bungweli linagwirapo nchito m'Zambia muno, ndipo linaphunzitsa anchito a zaumoyo, amai ndi abambo omwe, kuyang'ana zinthu zisanu m'mawa uliwonse asanakwere: petulo, oilo, kukungika kwa cheni ndi mawaya, mabauti ngati sanamasuke, ndiponso mabuleki ndi matayala.