Kusokerera: Mawu Ofotokozera Mmene HIV Imakhazikikira M'thupi

Alembi ndi aphunzitsi ambiri amati kachilombo ka HIV "kamabisala m'magazi". Mawuwa ngoperewera. Chenicheni nchakuti kachilomboka kamasokerera DNA yake pa DNA ya munthu, monga momwe telala wa mumsika wa Ndirande amasokerera chigamba pa nsalu. Ntchitoyi imagwiridwa ndi puloteni yotchedwa integrase.

DNA ya m'selo imodzi njotalika pafupifupi mamita 2, ndipo imapindidwa kuti ikwane m'makromozomu 46. Mapindidwewo safanana. Pamene papindidwa mothina, kachilombo kamavutika kufikapo. Kamakonda pomasuka, pamene majini akugwira ntchito. Pena DNA imamangika mfundo ya zingwe zinayi yotchedwa G-quadruplex, ndipo akatswiri apeza kuti mfundo zoterezi zimakhudzanso malo amene kachilombo kamasokererapo. Chigambacho chikakhazikika, chikhoza kukhala chete zaka zambiri.

Boma la Malawi lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo mu 2019 lidayamba kugawa dolutegravir, mankhwala otsekereza integrase. Mankhwalawa amaletsa kusokerera kwatsopano, koma sachotsa chigamba chakale.

Choncho munthu wa ku Bangwe akauzidwa kuchipatala kuti kachilombo "sikakuoneka", mlembi asalembe kuti "katha". Nkofunika kulemba kuti "kachepa kwambiri m'magazi". Liwu limodzi lolakwika likhoza kumusiyitsa munthu mankhwala, ndipo akasiya, kawirikawiri kachilomboka kamachulukanso pakangopita milungu yochepa.