Oolotsa anthu pa nyanja ya Chilwa

Ife a ku Molumbo, ku Mozambique, timadya matemba ouma chaka chonse, koma ambiri mwa ife boti sitinalikwerepo. Kwathu n'kumtunda, kolima chimanga, fodya ndi nandolo. Nsomba zimatipeza zili m'dengu pa keliyala ya njinga, ndipo ukafunsa wogulitsa amangoti, "Za ku Chilwa izi, bambo." Anthu amene amaziolotsa pamadzi sitiwaganizira n'komwe.

Wofuna kuwaona alawirire pa doko la Kachulu, m'boma la Zomba ku Malawi. Pamenepo boti siliyendera wotchi, limanyamuka likadzaza ngati minibasi. Ntchito imayamba ndi anyamata oitanira: "Chisi! Chisi! Atsala awiri!" ngakhale atatsala khumi. Kenako aganyu amalowa m'madzi ofika m'mawondo atasenza matumba a ufa ndi mchere, malata, njinga ndi mitolo ya nkhuni zowambira nsomba. Katundu wolemera amamuyala pansi, pakati pa boti, anthu n'kukhala pamwamba. Wina akadzuka kuti aongole miyendo, woyendetsa amakalipa mosayang'ana nkhope: "Mayi, khalani pansi, mutigubuduza!"

Chilwa ndi nyanja yosaya. M'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita 2 kapena 3, ndipo madzi ake alibe kotulukira. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani, komanso Mnembo wochokera kuno ku Mozambique, imathira madzi amene amatha ndi dzuwa basi. Chifukwa cha kusayako, pa nyanjayi injini si mfumu. Pochoka padoko boti limadutsa m'ngalande zopapatiza zimene anthu anatsegula okha pakati pa njedza ndi bango, ndipo injini ikayatsidwa msanga imakola udzu. Apa mwini ntchito ndi mnyamata wa nsungwi yaitali. Amaizika m'matope, n'kuitsamira ndi thupi lonse, boti n'kusuntha pang'ono, iye n'kuizula, n'kuizikanso. M'manja mwake muli zikang'a zoti singano singalowe. Akafika poyera m'pamene woyendetsa amakoka chingwe cha injini.

Pali wina amene okwera samuwerengera: wokapa madzi. Boti la matabwa silisiya kuchucha, kaya mmisiri anamata bwanji phula m'mipata. Mwana uyu amakhala chogwada ndi chigubu chodula pakati, kukapa n'kutaya, kukapa n'kutaya, ulendo wonse. Malipiro ake ndi otsiriza, mwini boti atachotsa za petulo ndi zake. Komatu oyendetsa ambiri anayambira pa chigubu chomwecho, ndipo m'pamene anaphunzirira kuwerenga mphepo. Mwera ukauka pa madzi osaya chonchi mafunde amabwera afupiafupi, otsatizana, ndipo woyendetsa wanzeru amakana ndalama n'kudikira. Ine ndimalemekeza woteroyo kuposa wothamanga, chifukwa majekete oteteza kumira m'maboti ambiri simuwaona, ndipo okwera ochuluka sadziwa kusambira.

Pa chilumba cha Chisi, kwa Mfumu Mkumbira, boti limatsitsa ufa n'kukweza nsomba. Wopitirira ulendo amasintha boti, kulowera kutsidya la kum'mawa, ku Ngotangota, Lungazi kapena Chinguma. Midzi imeneyi ndi ya ku Malawi, koma yatsamira malire a dziko lathu, ndipo kuti anthu ake akafike ku boma lawo ku Zomba njira yachidule ndi ya pamadzi. Wodwala, mphunzitsi wokalandira malipiro, mayi wa geni, onse amadalira oolotsa omwewa. M'boti umamva Chinyanja, Chilomwe ndi Chiyao, ndipo kutsidyako kwacha ndi metikali zimayendera limodzi.

Pakati pa ulendo boti limapatukira ku zimbowera, timisasa timene asodzi amamanga pa udzu woyandama n'kukhalamo miyezi osaponda mtunda. Woyendetsa amawasiyira ufa, nkhuni, fodya ndi uthenga wa kumudzi, n'kunyamula milamba yowamba, makumba ndi matemba. Madzi akumwa ndi omwewo, chimbudzi ndi momwemo, n'chifukwa chake kolera sachedwa kubuka kumeneko. Mu 2016 katemera wa kolera wakumwa anafika kwa asodzi a m'zimbowera, ndipo sakanafika popanda oyendetsa odziwa ngalande iliyonse ya m'njedzamo.

Chovuta pa ntchitoyi n'chakuti nyanja yake imathawa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Chaka chimenecho anthu ankapita ku Chisi wapansi ndi pa njinga, akabaza n'kulanda makasitomala a boti. Maboti anagona chammbali pa matope ouma, matabwa akutseguka ndi dzuwa. Oyendetsa ena anagwira khasu, ena anakafuna ganyu ku nyanja ya Malombe ndi ya Malawi. Dziko la Malawi linalembetsa Chilwa pa mgwirizano woteteza madambo wa Ramsar mu 1996 chifukwa cha mbalame ndi dambo lake, koma pepalalo silibweza madzi a mitsinje imene mitengo ya m'mbali mwake inatha.

Madzi atabwerera, oyamba kupeza ndalama anali amisiri okhoma maboti. Thabwa louma silikhululuka: lina kulizula, lina kulisomeka nsanza ndi thonje m'mipata, phula likuwira m'chitini pa moto. Kenaka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anadzaza nyanja mpaka kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete, ndipo maboti omwe aja ndiwo anali kusamutsa anthu.

Dzuwa likapendeka boti lomaliza limabwerera ku Kachulu litazama ndi madengu a nsomba, udzudzu utayamba kale kulira m'bango. Woyendetsa amazula injini n'kuisenza paphewa kupita nayo kunyumba, poopa akuba. Wokapa madzi amatsala m'botimo, akumalizitsa.