Nyimbo ya eni si nkhuni za m'thengo

Mu Okutobala 2024, woimba wa ku America Tyler, the Creator anatulutsa nyimbo yochedwa "Noid". Ambiri kuno ku Lusaka tinadzidzimuka titamva Cinyanja pakati pake. Mau aja ndi a malemu Paul Ngozi, otengedwa mu "Nizakupanga Ngozi", nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977. Mu 2023 nayenso Travis Scott anatapa pa "Nsunka Lwendo" ya Amanaz, gulu la ku Kitwe, n'kuika mu "Sirens". Maalubamu onse awiri anafika pa nambala 1 ku America.

Ici ndico oimba amati sampling: kudula kacidutswa ka nyimbo yojambulidwa kale, kaya ng'oma, gitala kapena mau, n'kumangapo nyimbo yatsopano. Hip hop inabadwa motero ku Bronx m'zaka za m'ma 1970, ma DJ akubwerezabwereza pamene ng'oma yakoma pa rekodi. Si mlandu ngati wapempha. Koma funso limene timva m'basi nyimbo yotere ikalira ndi limodzi: manje ndalama adya ndani?

Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi eni awiri. Woyamba ndi wopeka, amene analemba mau ndi maimbidwe ake. Waciwiri ndi mwini wa cojambula, cimene amati master, ndipo kawirikawiri amakhala kampani kapena munthu amene analipira situdiyo. Ukadula mau enieni pa rekodi, upemphe onse awiri. Ukaimbanso wekha maimbidwe a wina osagwira rekodi yake, wopekayo umupemphabe. Pa nyimbo zambiri za Zamrock, khomo logogoda lidziwika cifukwa kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inazitulutsanso mogwirizana ndi oimba ndi mabanja ao. Pepala likakhalapo, wa ku America adziwa kumene angatumize ndalama.

Kwathu ku Kasisi, kuseri kwa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, tidziwika ndi mishoni ya mu 1905 ndi madimba a ndiwo zamasamba. Koma masiku ano mulinso anyamata a laputopu ndi maikolofoni, ojambulira m'cipinda cogona. Wina anandimvetsa biti yabwino zedi, yokhala pa gitala ya kalindula imene anaidula pa YouTube. Nditafunsa ngati anapempha, anaseka: "Ba mudala, ni ma sekondi yang'ono cabe, nindani azaziba?"

Adzadziwa ndi makina. YouTube ili ndi Content ID, imene imafananiza nyimbo yako ndi zimene eni ake analembetsa. Ikapeza, mwiniyo angatseke nyimboyo kapena kutenga ndalama zake zonse. Ndipo nkhani yakuti masekondi ocepa ndi aulere ndi ya pa sitesheni cabe. Lamulo lathu, Copyright and Performance Rights Act la mu 1994, liteteza nyimbo moyo wonse wa wopeka ndi zaka zina 50 atamwalira. Paul Ngozi anatisiya mu 1989, conco zimene anapeka zili ndi eni mpaka 2039. Pano pa Kasisi aliyense adziwa kuti wobwereka dimba ayamba wamvana ndi mwini asanabzale. Ukadikira mpaka matimati apse, mwini dimba ndiye achula mtengo.

Zinacitikira Puff Daddy mu 1997. Nyimbo yake "I'll Be Missing You" inatenga gitala ya "Every Breath You Take" ya gulu la The Police asanapemphe. Nyimbo itachuka, Sting anatenga ndalama za wopeka. Koma mverani bwino apa: amene analiza gitala ija si Sting, ndi Andy Summers. Papepala dzina la wopeka ndi la Sting yekha. Mu 2025, patapita zaka zoposa 40 cijambulireni nyimboyo, Summers ndi mnzake Stewart Copeland anatengera Sting kukhoti ku London pa nkhani ya ndalama.

Ici ndico cimene cipha maubwenzi m'makomboni mwathu. Wopanga biti, woimba rap ndi mtsikana wa kolasi ajambula usiku wonse, agawana nsima ndi soseji, palibe wolemba kanthu. Nyimbo ikagwira, wa biti ati K500 ija inali ya situdiyo cabe, wa rap ati anagula biti yonse. Mankhwala ake ndi pepala limodzi lochedwa split sheet: dzina la nyimbo, tsiku, maina enieni a pa NRC, mapesenti a aliyense ndi siginecha. Palibe lamulo lonena kuti uyu atenge zakuti, mumvana nokha. Mwacitsanzo, mwini wa kacidutswa kakale akatenga 30, wa biti ndi wa rap angagawane 30 aliyense, wa kolasi 10. Cacikulu zikwane 100, ndipo musaine nyimbo isanatuluke.

Mukatero lembetsani nyimboyo ku ZAMCOPS, bungwe lotolera ndalama za opeka ku mawailesi, mabala ndi mahotela. Oimba ambiri adandaula kuti zimene alandira n'zocepa, ndipo ayenera kufunsa mabuku poyera. Komabe amene sanalembetse alibe ngakhale pofunsira.

Kwa inu amene atate kapena ambuye anu anaimba kalindula kapena Zamrock, musakolezere mbaula mapepala ao akale. Sungani mapangano, zikuto za marekodi ndi matepi. Nyimbo imene inalira m'mabala a Lusaka mu 1977 yakafika ku America patapita zaka 47, ndipo wina akadzabwera kudzapempha ya kwanu, adzayamba wafunsa umboni wakuti ndinu eni.