Besi ikayamba kudya zala, musathamangire kwa asing'anga

Mphwanga wina, mwana wa amayi aang'ono, amaimba besi. Lamulungu amaimba kutchalitchi, Loweruka pa maukwati, ndipo lendi ya nyumba yake imachokera m'zala zakezo. Ndiye inu awerengi mutha kuona mmene zinthu zinaipira zala zomwezo zitayamba kumuukira.

Zinayamba ngati masewera. Akaimba Loweruka, pofika Lolemba nsonga za zala zinkayabwa koopsa. Kenako pankatuluka timatuza ting'onoting'ono ta madzi, khungu n'kuuma, n'kung'ambika mpaka magazi. Akapuma masabata angapo zinkapola, koma akangogwiranso gitala, zonse zija n'kubwerera.

Anzake a m'bandi ati zala sizinakhwime, angolimbikira. Ena ati ndi mphere. Azakhali athu, monga mwa nthawi zonse, anali ndi yankho lawo: ati mnyamata wina wa m'bandi momwemo, amene ankasirira malo ake, ndiye wamuchita chipongwe. Mphwangayo anakatemedwa mphini, ndalama zinapita, chinzake ndi mnyamata uja chinatha, koma zala osasintha.

"Achimwene, ine basi gitala ija ndigulitsa, ndikayambe geni ya kaunjika," anandiuza tsiku lina, manja atawabisa m'thumba.

Chinamupulumutsa ndi funso limodzi la adokotala a khungu. Atayang'ana zalazo anafunsa ngati pamimba, pamene pamakhudza chitsulo cha lamba, pamayabwanso. Mphwanga anakweza malaya. M'munsi mwa mchombo munali chigamba chakuda chokhakhala, chimene iye kwa zaka ankachiyesa chipere. Mfiti yake inapezeka pomwepo, dzina lake nickel.

Nickel ndi chitsulo choyera chonyezimira chimene sichichita dzimbiri msanga, n'chifukwa chake opanga zinthu amachikonda. Nsambo ya besi mkati mwake muli waya wachitsulo, ndipo kunja amakulungirako waya wina. Pa nsambo zambiri za m'sitolo, waya wakunjayu amakhala wokutidwa ndi nickel, pena ndi nickel yekhayekha. Pali zinanso za chitsulo chotchedwa Monel, chimene pafupifupi magawo awiri mwa atatu ndi nickel yemweyo. Woimba akatuluka thukuta, thukutalo limasungunula pang'ono chitsulocho n'kuchilowetsa m'khungu. Kwa anthu ambiri palibe chimachitika. Koma kwa ena thupi limachitenga ngati mdani, ndipo likangomuzindikira kamodzi silimuiwalanso moyo wonse.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti zidzolo zake siziwoneka pomwepo. Zimatuluka patapita maola 12 mpaka 72, munthu ataiwala kale kuti anagwira chiyani, ndipo zimatha kukhala masabata awiri mpaka anayi. Apa ndiye pali kusiyana. Matuza a munthu wophunzira kumene gitala amatuluka tsiku lomwelo, amapweteka, akapola khungu limalimba nkhani n'kuthera pomwepo. A nickel amachedwa, amayabwa, ndipo amabwerabe ngakhale waimba zaka khumi. Komanso mabuku ambiri amati khungu limafiira, pamene pa khungu lathu lakudali nthawi zambiri pamangoda ndi kukhakhala. Matendawa sapatsirana ayi, moni wa pamanja musamukane.

Kumene zipangizo zilipo, achipatala amamata timapulasitala kumsana tokhala ndi zinthu zimene akuzikayikira, n'kutichotsa pakatha maola 48 kuti aone pamene patupa. Mafuta opaka monga hydrocortisone amaziziritsa kuyabwa, koma sachotsa vutolo. Mankhwala enieni ndi kutalikirana ndi chitsulocho.

Kodi ndiye kuti woimba asiye besi? Ayi ndithu. Pali nsambo za stainless steel, monga Swing Bass 66 za kampani ya Rotosound ya ku England, zimene anazikonza m'chaka cha 1966 mothandizana ndi John Entwistle wa gulu la The Who. Chitsulo chimenechi, ngakhale mitundu yake ina ili ndi nickel, chimamugwira zolimba moti satuluka wambiri, ndipo ambiri odwala vutoli amaimba nazo bwinobwino. Kuipa kwake n'zokhakhala kuzala. Pali zokulungidwa ndi nayiloni yakuda, zimene chala sichikhudza chitsulo n'komwe. Mawu ake ndi ofatsa, akuya, oyenera nyimbo za m'tchalitchi. Palinso zokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala, monga za Elixir, koma dziwani kuti chikutocho chimaperepeseka, ndipo chikatha vuto limabwerera. Chenjeraninso ndi nsambo za cobalt, chifukwa ena odana ndi nickel amadananso ndi chitsulo chimenecho.

Musaiwale timizere tachitsulo ta pakhosi pa gitala. Azungu amatitcha nickel silver, koma siliva mulibemo ngakhale pang'ono. Muli mkuwa, zinc ndi nickel pafupifupi magawo 18 pa 100 aliwonse. Choncho kupukuta nsambo ndi khosi la gitala mukatha kuimba, komanso kusamba m'manja ndi kuumitsa bwino, si mwambo wachabe.

Mwina ena mukuti, ife za magitala zikutikhudza pati? Zikukukhudzani, makamaka inu a geni ndi inu atsikana a pasukulu. Nickel yemweyu ali m'ndolo zotchipa, m'zibangiri, m'mawotchi, m'mabatani a jinzi ndi m'mafelemu a magalasi. Njira yaikulu imene anthu amayambira vutoli ndi kuboola makutu, chifukwa chitsulo chimakhala pa bala masiku ambiri. N'chifukwa chake limagwira akazi ambiri kuposa amuna. Ku Ulaya anaona kuti nkhaniyi yakula, ndipo m'chaka cha 1994 maiko a European Union anakhazikitsa lamulo loika malire a nickel amene angatuluke m'zinthu zokhalitsa pakhungu. Mu 2008 bungwe la American Contact Dermatitis Society linatchula nickel kuti ndiye chinthu choyabwitsa khungu chofunika kuchiyang'anitsitsa chaka chimenecho.

Tsono kasitomala akabwerera kubenchi kwanu makutu atatupa, musamunene kuti ndi wauve kapena akufuna kukuberani. Muuzeni asiye ndolozo akaonane ndi achipatala. Amene mwamuuza zoona lero ndi amene adzabwere kudzagula zina mawa.

Mphwanga uja anaitanitsa nsambo za nayiloni kudzera kwa mnzake woyenda ku Johannesburg, lamba anasintha, ndipo zala zinapola. Chimene chinatenga nthawi kupola ndi chija chinzake. Anachita kupita yekha kwa mnyamata uja kukapepesa, chipewa chili m'manja, chifukwa kunamizira munthu ufiti si nkhani yothera pa moni.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Khungu likamayabwa malo amodzimodzi, yambani mwafunsa kuti pamenepo pamagona chitsulo chanji musanayambe kuwerenga adani anu.